Zokutira zomwa kuwala kwa dzuwa: kafukufuku wa ku Cape Town

CAPE TOWN – Munthu amene anakhudzapo lata lakuda masana a mwezi wa Okutobala amadziwa kuti chinthu chakuda sichichedwa kutentha padzuwa. Komabe kwa akatswiri amene amapanga magetsi kuchokera ku kutentha kwa dzuwa, kuda kokha sikukwanira. Utoto wakuda wamba umamwa kuwala kochuluka, koma umatayanso msanga kutentha kumene wasonkhanitsa. Chimene akatswiriwa amafuna ndi chokutira cholandira kuwala, koma chosalola kutentha kutuluka.

Mmene zimagwirira ntchito

Kuwala kumayenda ngati mafunde. Pafupifupi mphamvu yonse ya dzuwa imene imafika pansi pano imabwera m'mafunde aafupi, a pakati pa mamaikiromita 0.3 ndi 2.5, pamene kutentha kumene chitsulo chimataya kumatuluka makamaka m'mafunde aatali kuposa pamenepa. Maikiromita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a maikiromita. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mananomita 80,000.

Kusiyana kwa mafundeku ndiko kumapereka mpata. Njira yoyamba ndi kukuta chitsulo chowala ndi timiyalo topyapyala zedi, momwe muli timibulu ta chitsulo china. Timiyaloti timamwa mafunde aafupi, koma kwa mafunde aatali timakhala ngati kulibe, choncho chitsulo chowala cha pansicho, chomwe mwachibadwa sichitaya kutentha kwambiri, chimasunga mphamvuyo. Njira yachiwiri ndi kusema pamwamba pa chitsulocho timapiri ndi timaenje tosaoneka ndi maso, kawirikawiri pogwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu kwa laser. Kuwala kukalowa m'timaenjeti kumagundagunda m'mbali mpaka kumwedwa. Chilengedwe chinayamba kale luso lofanana ndi limeneli: diso la kadziwotche lili ndi tizitupya ting'onoting'ono timene timaliletsa kunyezimira.

Chokutira chabwino chimamwa magawo pafupifupi 95 pa 100 alionse a kuwala kwa dzuwa, ndipo chimataya kutentha kosafika gawo limodzi mwa magawo 10 a kumene chinthu chakuda bii chikanataya. Amene anayamba kuonetsa phindu la zokutira zotere ndi Harry Zvi Tabor wa ku Israel, m'chaka cha 1955.

Ntchito ya ku Cape Town

Kafukufuku wa nkhaniyi wakhala akuchitikira pa iThemba LABS, malo a zasayansi a bungwe la National Research Foundation omwe ali ku Faure, kum'mawa kwa mzinda wa Cape Town. Kumeneko Pulofesa Malik Maaza, mbadwa ya ku Algeria, wakhala akugwira ntchito ndi ophunzira ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya Western Cape ku Bellville.

M'chaka cha 2012, Zebib Nuru wa ku Ethiopia, Christopher Arendse wa pa sukuluyi, Maaza ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa chokutira chophatikiza platinamu ndi alumina, chokonzedwera malo opangira magetsi kumene kutentha kumakhala kwakukulu. Zinthu ziwirizi zimadziwika ndi kupirira moto, ndipo platinamu sachita dzimbiri. Dziko la South Africa ndilo limakumba platinamu wochuluka kuposa dziko lina lililonse, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Ofufuza ena a pamalopa ayesanso zokutira za kromiyamu komanso kusema zitsulo ndi laser.

Kumene zikufunikira

Chigawo cha Northern Cape chili m'gulu la madera a dzuwa lamphamvu kwambiri padziko lonse. Mu 2015 kunatsegulidwa KaXu Solar One pafupi ndi Pofadder, malo opanga mamegawati 100. Kumeneku magalasi opindika amalunjikitsa kuwala pa mapaipi okutidwa mwa njira imeneyi, ndipo mafuta oyenda m'mapaipimo amatentha pafupifupi madigiri 390. Mafutawo amawiritsa madzi, nthunzi yake n'kumapukusa makina a magetsi. Kutentha kwina kumasungidwa mu mchere wosungunuka kuti magetsi apitirire dzuwa litalowa. Umenewu ndi mwayi waukulu m'dziko limene ladalira malasha kwa zaka zambiri, ndiponso limene linavutika ndi kuthimathima kwa magetsi kuyambira mu 2007 mpaka kufika pachimake mu 2023.

Vuto lotsala ndi kulimba. Mapaipi a ku KaXu amakhala m'kati mwa galasi lochotsedwa mpweya, zomwe zimateteza chokutiracho. Koma pa malo a nsanja, monga Khi Solar One pafupi ndi Upington, amene anayamba ntchito mu 2016, kutentha kumapitirira madigiri 500 ndipo chitsulo chimakhala pamtetete. Zokutira zambiri zopyapyala zimawonongeka zikakumana ndi mpweya pa moto wotere, n'chifukwa chake nsanja zambiri zimapakidwabe utoto wakuda wopirira moto, ngakhale umataya kutentha kochuluka.

Luso losema timapiri limapezekanso m'mapanelo a sola, monga a ku Salima m'Malawi, kumene malo a mamegawati 60 anatsegulidwa mu 2021. Silikoni wosalala amabweza magawo oposa 30 pa 100 alionse a kuwala, motero opanga mapanelo amamusema ndi kumukuta kuti kuwala kotayika kukhale kochepa zedi.