Mnofu

Kubutchala munthu akati "mundipatse mnofu wokhawokha," amafuna nyama yopanda fupa. Achipatala amatchula mawu omwewa, koma kwa iwo mnofu ndi chiwalo chogwira ntchito: umakungika n'kukoka fupa, kenako n'kumasuka. Kukankha ndiye sungathe. N'chifukwa chake minofu imagwira ntchito iwiriiwiri. Wakutsogolo kwa mkono, uja anyamata amanyadira kuti akatumba, umapinda chigongono, ndipo wakumbuyo umachiwongola.

Minofu yoyendetsa mafupa imaposa 600. Palinso ina yosadikira kuti tiilamule, monga ya mtima ndi ya m'matumbo. Ambiri amasokoneza mnofu ndi mtsempha, mawu amene tawasenzetsa katundu wambiri: njira ya magazi, njira ya uthenga wochokera ku ubongo, ngakhalenso chingwe cholumikiza mnofu ku fupa.