Makhadi akale a mawu a m'kompyuta: mmene mungawazindikirire ndi kuwasunga

Matauni a Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, anakula chifukwa cha golide, chitsulo, chrome ndi asbestos, ndipo mwa anthu amene anagwira ntchito kumeneko munali ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ntchito zina zinazilala: mgodi wa Shabanie ku Zvishavane unalowa m'manja mwa boma mu 2004, ndipo fakitale ya Ziscosteel ku Redcliff inasiya kupanga chitsulo mu 2008. Kumalo kumene anthu amadziwa bwino mtengo wa golide, kompyuta yakale yotsala mu ofesi kapena m'nyumba imaoneka ngati chinthu chongophwanya n'kuchotsamo zitsulo. Komabe m'kati mwake mungakhale khadi la mawu, lomwe amisiri amalitchula kuti sound card, ndipo ena mwa makhadiwa amafunidwa ndi osunga zinthu zakale m'mayiko ambiri akakhala athunthu.

Chiyambi chake

Kompyuta ya IBM PC ya mu 1981 inali ndi kasipika kongolira kuti "pii". Kuti imveke nyimbo, pankafunika kulowetsamo khadi lapadera. Mu 1987 kampani ya Ad Lib ya ku Quebec, m'dziko la Canada, inatulutsa khadi lokhala ndi chip ya Yamaha YM3812, yodziwikanso kuti OPL2. Mu 1989 kampani ya Creative Technology ya ku Singapore, yomwe inayambitsidwa ndi Sim Wong Hoo mu 1981, inatulutsa Sound Blaster. Khadili linali ndi chip yomweyo ya Yamaha, koma linkathanso kujambula ndi kubwereza mawu a munthu, komanso linali ndi polumikizira ndodo yoseweretsera magemu. Ad Lib inalephera kupikisana nayo ndipo inagwa mu 1992.

Kenaka kunabwera Sound Blaster Pro mu 1991, Sound Blaster 16 mu 1992, AWE32 mu 1994 ndi Sound Blaster Live! mu 1998. Kuyambira mu 1997, pamene Intel inakhazikitsa dongosolo la AC'97, mawu anayamba kupangidwira pa bolodi lalikulu la kompyuta, ndipo anthu ambiri sanafunenso kugula khadi lapadera.

Kuzindikira khadi

Choyamba yang'anani kachitsulo ka kumapeto kwa khadi. Ngati pali timabowo tozungulira ta sipika ndi maikolofoni pamodzi ndi polumikizira pa timabowo 15, n'zosakayikitsa kuti ndi la mawu. Makhadi ena oyambirira alinso ndi kagudumu kokwezera mawu. La modemu lili ndi polowetsa waya wa telefoni.

Chachiwiri ndi mano a golide a m'munsi. Makhadi a mtundu wa ISA, omwe ndi akale kwambiri, ali ndi mano akuluakulu: 62 pa makhadi a 8-bit, ndi 98 m'zigawo ziwiri pa a 16-bit. Amalowa m'mipata yakuda. A PCI, omwe anafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ali ndi mano ang'onoang'ono othithikana ndipo amalowa m'mipata yoyera.

Chachitatu ndi nambala yosindikizidwa pa bolodi. Makhadi a Creative a nthawi imeneyo ali ndi nambala yoyamba ndi CT: Sound Blaster yoyamba ndi CT1320, pamene CT1740 ndi Sound Blaster 16 yoyambirira. Ambiri alinso ndi chizindikiro cha FCC ID, chomwe zilembo zake zoyamba zimasonyeza kampani yomwe inalembetsa chipangizocho ku United States.

Chachinayi ndi zolembedwa pa chip. YM3812 ndi YMF262, yotchedwa OPL3, ndi za Yamaha, ndipo osunga amazikonda chifukwa nyimbo za magemu ambiri a DOS zinapekedwa motsatira kamvekedwe kake. Makhadi ena a Creative a pambuyo pake anagwiritsa ntchito njira yotsanzira yotchedwa CQM, yomwe imamveka mosiyanako. EMU8000 imapezeka pa AWE32 ndi AWE64. Manambala anayi a pa chip nthawi zambiri amatchula chaka ndi sabata: 9342 ndiye kuti sabata ya 42 ya 1993.

Omwe amafunidwa kwambiri

Si khadi lililonse lakale lomwe lili ndi mtengo wokwera. A makampani monga ESS ndi OPTi anapangidwa ochuluka, choncho sasowa, ngakhale amagwira ntchito bwino. Osowa ndi monga AdLib yeniyeni, Game Blaster, Roland LAPC-I ya ku Japan, ndi Gravis Ultrasound ya mu 1992, yomwe imadziwika msanga ndi bolodi lake lofiira. Bokosi, buku ndi madisiki ake zikakhalapo, mtengo umakwera.

Wogula achenjere, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Masiku ano kuli makhadi atsopano opangidwa motsanzira AdLib ndi ena otchuka. Kutero si kulakwa malinga wogulitsa anene zoona. Chip ya chaka chosagwirizana ndi bolodi, kapena yofufutidwa n'kulembedwanso, ndi chenjezo.

Kusamala ndi kuyesa

Musanagwire khadi, khudzani chitsulo kuti magetsi a m'thupi achoke, ndipo ligwireni m'mbali. Fumbi lichotsedwe ndi burashi yofewa. Mano apukutidwe ndi isopropyl alcohol, osawapala ndi mpeni kapena sandipepa. Lisungidwe pouma, m'thumba loteteza zipangizo zamagetsi. Lembani kumene linachokera, popeza mbiri yake ndi gawo la phindu lake.

Khadi la ISA silingalowe m'kompyuta zamakono. Liyesedwe m'makina akale, monga 486 kapena Pentium, okhala ndi DOS kapena Windows 98, ndipo lilowetsedwe magetsi atazimitsidwa. Onani kaye ngati palibe popsa kapena ma capacitor otupa. Likakhala chete musafulumire kulitaya: nthawi zina vuto limakhala la timapini tosankhira adiresi, yomwe pa Sound Blaster kawirikawiri ndi 220.

Ngozi ya kuwotcha

Golide wa pa mano a khadi ndi wongokutira, wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo khadi limodzi limapereka wochepa zedi. Kumuchotsa ndi moto kapena asidi kumatulutsa utsi woononga mapapo. Komanso zipangizo za m'zaka zimenezo zinawotcheredwa ndi chitsulo chosakaniza ndi mtovu, womwe mayiko a European Union anauletsa m'zipangizo zambiri zamagetsi kuyambira mu 2006. Mtovu umaononga ubongo, makamaka wa ana, ndipo ukalowa m'dothi la pakhomo suchoka msanga.

Choncho wopeza kompyuta yakale ayambe wawerenga nambala ya khadi ndi ya chip, n'kuona mtengo womwe makhadi ofanana anagulitsidwa pa misika ya pa intaneti, monga eBay, asanalipereke kwa ogula zitsulo.