Makopaletivi m'Malawi: mwana wa boma kapena wa alimi?

Masiku ano mlangizi akafika pamudzi uthenga wake ndi umodzi: lowani m'makopaletivi, thandizo silifikira mlimi payekha. Achinyamata amayesa kuti nkhaniyi ndi yatsopano, chikhalirecho ndi yakale kuposa mbendera yathu.

Lamulo loyamba la makopaletivi lidakhazikitsidwa mu 1946, dziko lino likadali Nyasaland. Atsamunda ankafuna kuti mbewu zamalonda zizisonkhana pamalo amodzi, iwo azigula mosavuta. Komabe alimi a kumpoto adaugwiritsa ntchito mwayiwo. Ku Karonga olima mpunga adapanga Kilupula Rice Growers Co-operative Union, ndipo ku mapiri a Misuku ndi Phoka olima khofi nawonso adayamba kugulitsira pamodzi.

Ufulu utabwera mu 1964, zinthu zidatembenuka. Ena mwa magulu aja adali atatitimira kale m'ngongole, atsogoleri ake osadziwa kusunga mabuku a ndalama. Koma tisabise, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silinkakondwanso ndi anthu odzisankhira okha atsogoleri kumidzi. Makopaletivi ambiri adatsekedwa, malonda a mbewu n'kupita m'manja mwa Farmers Marketing Board, yomwe mu 1971 idasanduka ADMARC.

Nkhani ya khofi ndiyo imaonetsa bwino zomwe zidatayika. Boma lidakhazikitsa Smallholder Coffee Authority kuti iziyang'anira alimi ang'onoang'ono. Mlimi wa ku Misuku ankalima, kuthyola, kusenza mpaka pamalo ogulira, basi pamenepo. Mtengo ankaudziwa ndi a ku ofesi. Ndalama zambiri zinkathera pa malipiro a ogwira ntchito ndi magalimoto, ngongole zidakwera, ndipo alimi ena adagwa ulesi n'kusiya minda kumera tchire. Mu 1999 bungwelo lidathetsedwa, m'malo mwake mudalowa Smallholder Coffee Farmers Trust ya alimi eni ake, yomwe mu 2007 idakhala Mzuzu Coffee Planters Co-operative Union. Alimi omwewo, mapiri omwewo, koma tsopano khofi wawo adayamba kutchuka mpaka kunja. Chidasintha ndi umwini.

Ma SACCO adayenda njira yawoyawo. Adayamba mwakachetechete mothandizidwa ndi mpingo wa Katolika, anthu akusonkha ndalama zawo n'kumabwerekana, ndipo mu 1980 adapanga mgwirizano wawo wa MUSCCO. Adapirira nyengo ya chipani chimodzi. Kuyambira pa lamulo la 2011 amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi.

Ndale za zipani zambiri zitabwera, boma lidayambanso kuwanyengerera makopaletivi. Lamulo latsopano lidatuluka mu 1998. Mu 2003 kudabwera pologalamu ya One Village One Product, nzeru yochokera ku Oita m'dziko la Japan, ndipo magulu adalandira makina oyengera mafuta, opunthira mpunga ndi ofinyira zipatso. Ena adapita patsogolo. Ena makina awo adachita dzimbiri m'nyumba zopanda magetsi, kapena katundu wawo adalephera kulowa m'masitolo akuluakulu posowa chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Gulu lomwe lidasonkhana pomva kuti kukubwera makina lidabalalika makinawo atangofa, pakuti panalibe amene adaikapo khobidi lake.

Ntchito yothandiza magulu a alimi ya AGCOM, yomwe imayenda ndi ndalama za World Bank, ikuoneka kuti idatolapo phunziro: gulu limayenera kusonkha gawo lake lisanalandire thandizo. Apa ndi pabwino, koma si pokwanira. Boma lili ndi ntchito yake, yokonza misewu ya kumidzi, kufikitsa magetsi, ndi kutumiza owerengera ndalama chaka ndi chaka. Kusankha wapampando ndi kukambirana mtengo lisiyire eni ake.

Inu amene muli m'kopaletivi, gulani masheya, pitani ku msonkhano waukulu wa pachaka, ndipo mukafunse kuti mabuku a ndalama awerengedwe pamaso pa mamembala onse.