Mtovu wa ku Kabwe

Mwa zitsulo zonse zimene anthu akumba pansi, mtovu ndiwo womvera mmisiri. Uli wolemera, koma wofewa kotero kuti mpeni uudula, ndipo usungunuka ngakhale pa moto wa makala. Aroma akale anapanga nawo mipope ya madzi. Enanso anaumba nawo zipolopolo. Ndipo zilembo zimene nyumba za mishoni zinasindikizira mabuku athu oyamba zinali za mtovu wosanganiza ndi zitsulo zina. Chilembo chikaperepeseka sichinali kutayidwa ayi, koma chinali kusungunulidwa kuti chikhalenso chatsopano. Pakuti mtovu suola, ndipo umenewu ndiwo ubwino wake ndi kuopsa kwake komwe.

M'chaka cha 1902 Mzungu wina, dzina lake T. G. Davey, anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pakati pa dziko limene lero titcha Zambia. Anatcha malowo Broken Hill, kutengera mgodi wina wa ku Australia. Ndiwo mzinda wa Kabwe wa masiku ano. Njanji inafika kumeneko mu 1906, ndipo amuna anakhamukirako kukafuna ndalama ya msonkho, ena ochokera ku Nyasaland. Mu 1921 okumba anafukulamo chigaza cha munthu wakalekale, chimene anachitumiza ku London, ndipo anthu ophunzira anachita nacho chidwi chachikulu. Ha! Chigaza cha wakufa chinasamalidwa koposa mitu ya ana amoyo.

Pakuti ng'anjo zosungunulira zinafuka utsi zaka makumi ambiri, ndipo fumbi lake linagwa pa mabwalo ndi m'madimba a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi silinatsekedwe. Zinyalala zake zinatsala zounjikana ngati phiri lakuda, ndipo anyamata osowa ntchito akhala akufukulamo timiyala togulitsa. Taganizani, abale, za mwana wokwawa pabwalo lotere: agwira dothi, naika zala m'kamwa. Mtovu ulowa m'magazi mwake mwakachetechete, nuwononga ubongo; mwana adwala m'mimba, magazi achepa, ndipo pofika kusukulu aphunzitsi amuyesa waulesi, osadziwa kuti ali wodwala.

Lero mtovu wambiri upita m'mabatire a galimoto, mtundu umene Gaston Planté wa ku France anaupanga mu 1859. Batire yakufa ikafika kufakitale yoyenera, madzi ake otentha atsanulidwa mosamala, utsi usefedwa, ndipo mtovu ubwerera kuntchito monga zilembo zija. Koma alipo ena amene aswa mabatire ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, nasungunula mtovu pambaula kuti apeze ya ufa. Ntchito yotereyi inachitika ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar m'dziko la Senegal, kumene amayi ankasefa dothi la pamalo oswera mabatire kufuna mtovu wogulitsa, nalisunga m'nyumba zawo. Pakati pa 2007 ndi 2008 anamwalira kumeneko ana 18.