Kudzisindikizira buku

Kudzisindikizira buku ndi mchitidwe umene mlembi, posadikira kampani yofalitsa mabuku, amasenza yekha mtengo ndi ntchito yonse yotulutsa buku lake.

Popeza makampani a m'Malawi, monga Dzuka ndi CLAIM, amatsamira pa mabuku a sukulu ndi a chipembedzo, mlembi, mwachitsanzo wa ku Nazombe, m'boma la Phalombe, akatsiriza kulemba amafuna mkonzi, napita nazo zolembazo kwa osindikiza a ku Blantyre, nayenda yekha kugulitsa m'masukulu ndi m'misika. Lamulo limafuna kuti buku limodzi likasungidwe ku National Archives, ku Zomba. Zaumwini wa mabuku zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992. Ndemanga ya buku, ndiko kuliunika m'nyuzipepala kapena pawailesi, ndiyo imalidziwitsa kwa awerengi.