Sunshine Tour ya 2022/23 ndi Big Easy Tour

Sunshine Tour ndi mndandanda wa mipikisano ya gofu ya amuna osewera pofuna ndalama kummwera kwa Africa. Mipikisano yambiri imachitikira ku South Africa, koma m'zaka zosiyanasiyana ina yachitikira ku Zambia, Zimbabwe, Eswatini ndi Mauritius. Pansi pake pali Big Easy Tour, yomwe inayamba mu 2011 kuti izisula osewera ongoyamba kumene. Dzinali linachokera kwa Ernie Els, katswiri wa ku South Africa amene anthu amamutcha The Big Easy chifukwa cha msinkhu wake ndi kufatsa kwake pomenya mpira.

Kayendetsedwe ka nyengo

Nyengo ya Sunshine Tour ili ndi mbali ziwiri zosiyana kwambiri. M'miyezi yachisanu mumakhala mipikisano ing'onoing'ono, yambiri ya masiku atatu ndi mabowo 54, ndipo mphoto zake ndi zochepa. Kuyambira Novembala kumabwera mipikisano ikuluikulu ya masiku anayi ndi mabowo 72, imene imakonzedwa mogwirizana ndi DP World Tour, yomwe kale inkatchedwa European Tour. Apa ndi pamene pali ndalama zenizeni, ndipo wopambana amapeza chiphaso chokasewera ku Ulaya.

Pakatha masiku awiri oyamba, osewera amene atsalira kwambiri amachotsedwa ndipo amabwerera kwawo chimanjamanja, atalipira okha ulendo, malo ogona ndi munthu wowanyamulira ndodo. Zotsatira za chaka chonse zimasonkhanitsidwa pa mndandanda wotchedwa Order of Merit, ndipo wokhala pamwamba amalandira chikho cha Sid Brews.

Zomwe zinachitika mu 2022/23

Mu Meyi 2022 Zimbabwe Open inabwereranso pa bwalo la Royal Harare, ndipo Albert Venter ndiye anapambana. Koma nyengoyi imakumbukika makamaka chifukwa cha masabata atatu otsatizana kumapeto kwa chaka.

Mu Novembala, pa bwalo la Houghton ku Johannesburg, Dan Bradbury wa ku England anatenga Joburg Open. Mnyamatayu anali ndi zaka 23, analibe chiphaso cha tour iliyonse, ndipo analowa mumpikisanowo pochita kuitanidwa ndi othandiza ndi ndalama. Masiku anayi okha anamupatsa malo okhazikika pa DP World Tour komanso mwayi wosewera mu The Open ya 2023. Sabata yotsatira Thriston Lawrence anapambana South African Open pa bwalo la Blair Atholl. Mpikisanowu unayamba mu 1903 ndipo ndi umodzi mwa mipikisano yakale kwambiri ya gofu padziko lonse.

Kenako kunabwera Alfred Dunhill Championship pa Leopard Creek, bwalo loyang'anizana ndi nkhalango ya Kruger. Wopambana anali Ockie Strydom wa zaka 37, munthu amene kwa zaka zambiri ankangothera pa nambala yachiwiri, ndipo anali atapambanapo kamodzi kokha pa Sunshine Tour, mu 2019. Chipambano cha pa Leopard Creek chinamukankhira pamwamba pa Order of Merit, ndipo anamaliza nyengoyo ali mtsogoleri. Mu Febuluwale 2023 anakapambananso Singapore Classic pa DP World Tour. Nkhani ya Strydom ndi imene ikuonetsa bwino phindu la mgwirizano wa Sunshine Tour ndi DP World Tour, chifukwa popanda mgwirizanowo luso lake likanathera kwawo komweko.

Mu Malichi 2023 alendo anatenganso zikho ziwiri: Matthew Baldwin wa ku England pa SDC Championship ndi Nick Bachem wa ku Germany pa Jonsson Workwear Open.

Big Easy Tour

Mipikisano ya Big Easy Tour ndi yaifupi, ya masiku awiri kapena atatu, ndipo yambiri imachitikira m'chigawo cha Gauteng. Kuyandikana kwa mabwalo kumachepetsa ndalama zoyendera, chinthu chofunika kwambiri kwa wosewera amene sanayambe kupeza kanthu. Amene achita bwino koposa pa mndandanda wa chaka amakwezedwa kupita ku Sunshine Tour. Kuyambira 2018 mipikisanoyi inayamba kupereka mapointi a mndandanda wa osewera wa dziko lonse.

Khomo lina lolowera mu Sunshine Tour ndi mpikisano wolimbirana ziphaso wotchedwa Qualifying School, komanso wa Vusi Ngubeni, womwe unakhazikitsidwira osewera ochokera m'magulu amene ankasalidwa m'nthawi ya tsankho. Mbiri imeneyi ndi yowawa. Papwa Sewgolum, amene anapambana Dutch Open katatu ndi Natal Open mu 1963 ndi 1965, nthawi ina analandirira chikho panja mvula ikugwa chifukwa lamulo silinkamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Lero gulu lothandiza osewera otere pa Sunshine Tour limatchedwa ndi dzina lake.

Osewera a kunja kwa South Africa akadali ochepa pamwamba pa Sunshine Tour. Mmodzi wodziwika ndi Madalitso Muthiya wa ku Lusaka, munthu woyamba wa ku Zambia kusewera mu US Open, mu 2006. Iye anapambana mpikisano wa Vodacom Origins of Golf pa Sunshine Tour mu 2016.