Kuchokera ku Poitiers kufika kwathu: kulondola dzina la Du Plessis

Akuluakulu a kuno ku Chipata akamakamba za amishoni amene anafika ku Magwero pa 5 Julayi 1899, amangoti "Adachi". P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr anatumidwa ndi mpingo wa Dutch Reformed wa ku Orange Free State, ndipo anthu anawadziwa ndi dzina la mpingowo. Pambuyo pa Magwero panatsegulidwa Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Nsadzu mu 1908. Koma mukamawerenga mbiri ya mpingo umenewu, kuno ndi ku Malawi komwe, mumakumana ndi maina amene si Achidachi konse: Du Plessis, Cronjé, Retief. Maina amenewa kwawo ndi ku France, ndipo njira imene anayenda ikhoza kulondoledwa m'mapepala a atsamunda.

Titenge dzina limodzi. Johannes du Plessis, wobadwira ku Cradock mu 1868, anakhala mlembi woyang'anira ntchito ya umishoni ya mpingowu ku Cape mu 1903. Anayendera mamishoni a Adachi kuno pakati pa Africa, ndipo ulendowo anaulemba m'buku lotchedwa A Thousand Miles in the Heart of Africa, lomwe linatuluka mu 1905. Iyeyo ankadziona ngati Mbunu, wolankhula Chidachi ndi Chingelezi. Dzina lokhalo ndilo linkaulula kumene makolo ake anachokera.

Nkhani imayambira mu 1685, pamene mfumu ya ku France, Louis XIV, inafafaniza lamulo la ku Nantes la mu 1598, lomwe linkalola Aprotesitanti kupembedza. Matchalitchi awo anagumulidwa, abusa anathamangitsidwa, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Holland, ku England ndi ku Germany. Anthu amenewa ankatchedwa ma Huguenot. Kampani ya Adachi ya VOC, yomwe inkalamulira ku Cape kuyambira 1652, inkafuna alimi, makamaka odziwa kulima mphesa. Choncho mu 1688 ndi 1689 inatumizako othawa kwawo pafupifupi 200.

Mmodzi wa iwo anali Jean Prieur du Plessis, dokotala wa ku Poitiers. Anakwera chombo chotchedwa Oosterland pamodzi ndi mkazi wake Madeleine Menanteau, amene anali woyembekezera. Mwana wawo Charl anabadwira m'chombomo, ndipo anafika ku Cape mu Epulo 1688. A Du Plessis ambiri a ku South Africa mzere wawo umakathera kwa mwana wobadwira panyanja ameneyu.

Tikudziwa bwanji zinthu za zaka zoposa 300 zapitazo? Yankho ndi loti VOC inali kampani ya malonda, ndipo wamalonda salola kanthu kudutsa osalembedwa. Panali makalata opita ndi ochokera ku Amsterdam otchula anthu okwera zombo. Panali mabuku a ubatizo ndi a maukwati a ku Cape Town, ku Stellenbosch ndi ku Drakenstein. Chaka ndi chaka alembi ankayenda m'mafamu kulemba kaundula wa msonkho: mwini nyumba, mkazi wake, ana angati, akapolo angati, ng'ombe, nkhosa, mitengo ya mphesa ndi mfuti. Munthu akamwalira katundu wake ankawerengedwa, mpaka mipando ndi mapoto. Wolondola mtundu amaika mapepala amenewa pamodzi: ubatizo umamupatsa dzina la bambo, ukwati umamupatsa dzina la mayi, ndipo pepala la chuma chamasiye limatsimikiza ana.

Msampha uli pa kalembedwe. Alembi anali Adachi ndipo ankalemba monga khutu lawo lamvera. Cronier anasanduka Cronjé, Villion anakhala Viljoen, Pinard anakhala Pienaar, Le Clercq anakhala De Klerk. Wosadziwa zimenezi angaganize kuti banja linathera panjira, pamene chasintha ndi cholembera chokha. Chilankhulo nachonso sichinakhalitse. Bwanamkubwa Simon van der Stel anawapatsa minda mosakanikirana ndi alimi Achidachi, ndipo mu 1701 akuluakulu a kampani analamula kuti ana aziphunzitsidwa m'Chidachi. Pofika nthawi ya zidzukulu, Chifalansa chinali chitatsala m'maina a anthu ndi a mafamu, ndiponso m'dzina la chigwa cha Franschhoek.

Ife a kum'mawa nkhani yotere si yachilendo kwa ife. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, akulankhula chilankhulo cha kum'mwera. Anakwatira akazi Achinsenga ndi Achichewa, ndipo ana anayamwa chilankhulo cha amayi awo. Lero Chingoni chenicheni timachimva kwambiri m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu otamanda mafumu pa Nc'wala ku Mtenguleni. Koma ziwongo zilipobe: Jere, Zulu, Maseko. Mtundu wosamuka umataya lilime msanga, dzina ndilo limakanirira.

Kusiyana kuli pa amene analembedwa. C.C. de Villiers, nayenso wa dzina la Chifalansa, anatha zaka zambiri akukopera mabuku a matchalitchi a ku Cape. Anamwalira mu 1887, ndipo kaundula wake wa mabanja akale anasindikizidwa mu 1893 ndi 1894. Kholo loyamba kufika limalembedwa ndi chilembo "a", ana ake "b1", "b2", zidzukulu "c1", mpaka m'munsi. Njirayi imayenda bwino chifukwa imatsata bambo. Tayesani kuikamo banja la Chichewa, kumene mbumba imayang'aniridwa ndi malume ndipo ufumu umapita kwa mwana wa mlongo: mzere umaduka pa sitepe yoyamba.

Mapepala omwewo akusonyezanso mbali imene mabanja sakonda kuitchula. Minda imene othawa kwawo analandira inali msipu wa Akhoikhoi. Ambiri mwa iwo ndi ana awo anagula akapolo. M'kaundula wa msonkho kapolo ndi nambala chabe, pafupi ndi nambala ya ng'ombe. M'pepala la chuma chamasiye amapatsidwa dzina limodzi, kawirikawiri la mwezi kapena la m'Baibulo, ndi malo kumene anagulidwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ambiri ankachokera ku Mozambique, ndipo ena mwa iwo anagwidwa kumtunda kuno, m'maiko a Amakua, Ayao ndi Amaravi. Ukapolo unathetsedwa ku Cape mu 1834. Wa kwa Du Plessis akhoza kutchula chombo ndi mwezi. Mdzukulu wa kapolo Wachimaravi sangatchule ngakhale mfunda wake.

Kuno ku Fort Jameson, lomwe linali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, zinthu sizinasiyane kwenikweni. Angoni atagonjetsedwa mu 1898 ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, ataphedwa, boma la kampani ya British South Africa linayamba kulemba. Mabwanamkubwa a m'maboma ankasunga mabuku otchedwa District Notebooks, omwe tsopano ali ku National Archives ku Lusaka. M'menemo muli mizere ya mafumu, maina a midzi ndi nkhani za msonkho. Mwamuna wamba anadziwika ndi boma kudzera m'chitupa ndi msonkho wa nyumba. Amayi ambiri sanalembedwe paliponse, kupatula m'mabuku a ubatizo a amishoni, Adachi ndi Akatolika omwe. Apa ndi pamene mbiri imadabwitsa: zidzukulu za anthu amene anapulumutsa maina awo kudzera m'mabuku a tchalitchi ndizo zinathandiza kulemba maina a azigogo athu koyamba.

Chaka chatha ndinapempha ana a m'kalasi langa kuti aliyense alembe makolo ake mpaka pamene angafike. Ambiri anathera pa agogo. Mtsikana mmodzi anabwera ndi mibadwo isanu ndi umodzi, yonse ya kuchikazi, atauzidwa ndi ambuye ake a kumudzi amene sadziwa kulemba. Anatchula mudzi uliwonse umene banja linakhalako, ndi chifukwa chimene linasamukira. Kaundula wa De Villiers sakanawalandira amayi amenewo, koma ambuyawo anawasunga onse pamutu.

Kaundula wotereyu amapita kumanda pamodzi ndi mwini wake. Amene muli ndi ambuya amoyo ku Katete, ku Chadiza kapena kwa Mpezeni, pitani ndi kope kapena foni. Funsani dzina laubwana, dzina laubatizo, mfunda wa amayi ndi chiwongo cha atate, pakuti munthu mmodzi angapezeke m'mabuku ndi maina atatu osiyana. Kenako kapempheni kuona buku la ubatizo ku mishoni kumene anabatizidwa, ndipo muyerekeze zimene pepala likunena ndi zimene mwamva pakhonde.